Ndodo Yoyezera ya Kalipentala

Lamlungu lina m'mawa, nyengo yozizira ya chaka chatha, mkazi wa kalipentala anapezeka m'kati mwa kangolo kogonamo kamene mwamuna wake anali atangomaliza kupanga. Chitseko chinali chopiringidza cham'kati, moti kalipentalayo anachita kumasula mahinjesi kuti amutulutse. Mkaziyo sanavulale, sanakomoke, ndipo mutu wake ukugwira bwinobwino mpaka lero. Anthu a mumsewu wawo awonjezerapo zambiri, za moto wobiriwira ndi mawu oimba nyimbo, koma kumeneko n'kuthira mchere chabe. Zimene zinachitika n'zochepa, ndipo zikukwanira pazokha.

Mkaziyu ndi telala. Anakwatiwa ndi kalipentala patapita zaka zingapo mkazi woyamba atamwalira, ndipo analowa m'nyumba imene mnzakeyo anaisiya. Sanali munthu wa nsanje zachibwana. Chithunzi cha malemu pabalaza ankachipukuta fumbi yekha, ndipo achibale akamatchula dzina lawo sankakwinya nkhope. Chimene chinkamudya chinali chaching'ono, chovuta kuchidandaula pagulu. Malemu anali wamtali, iye wamfupi, ndipo mashelefu onse a m'khitchini anali m'mwamba. Kuti atenge mchere ankakwera pa kampando. Mwamuna wake akamuona ali pamenepo ankaseka, n'kumati a Telala akanadya mokwanira ali mwana bwenzi atatalikako. Telala ankasekanso, koma kuseka kwa mano okha.

N'chifukwa chake anasangalala kwambiri pamene kalipentala ananena kuti akufuna kupanga kangolo koti azikokera kumbuyo kwa galimoto yawo yaing'ono, azipita kumapiri, azikagona kumene kulibe munthu wogogoda kufunsa ngati diresi lake latha kapena mpando wake wauma vanishi. Telala anaganiza kuti chimenechi chikhala chinthu choyamba cha iwo awiri, chopanda fungo la munthu wina.

Kalipentala anatulutsa zitsulo zimene zinali kuseri kwa shedi, zofunditsidwa lona: mtanda wa matayala wa galimoto yakale, ndi felemu yowotcherera kale imene inali itachita dzimbiri. Anaipala, naipaka utoto. Pamwamba pake anayala matabwa, n'kuimika makoma opepuka, n'kupinda lata kukhala denga lozungulira ngati msana wa kamba. Kumbuyo anaika bedi, kutsogolo timashelefu, m'mbali chitseko ndi zenera limodzi. Pakati munthu ankatha kuimirira. Madzulo alionse akaweruka, telala ankabwera ndi tiyi n'kukhala pa chitini cha utoto, akumvetsera sowo ikulira ndiponso mwamuna wake akuimba mluzu. Iye anasoka makatani ndi chikuto cha matiresi, ndipo anasankha nsalu imene sanagulitsepo kwa munthu aliyense.

Kalipentalayu ali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Sakhulupirira tepi. Amati tepi imatamuka, imapindika, ndipo manambala amasokoneza munthu akatopa. Iye amagwiritsa ndodo yaitali ya mbali zinayi, yakuda ndi thukuta la m'manja, yokhala ndi mizere yosema ndi mpeni. Akafuna kudziwa poika shelefu amangoimika ndodoyo, n'kulemba ndi pensulo pa khoma. Telala, amene amagona tepi ili m'khosi, ankamuseka kuti akugwira ntchito ngati munthu wakhungu.

Tsiku lokoloweka makatani ndi pamene zinthu zinayamba kumuwawa. Anatukula manja, osafikira pokoloweka. Anayang'ana pagalasi limene linali pakhoma, n'kuona nsonga ya mpango wa kumutu basi. Popondera polowa panali patali, moti anachita kukokera chitini cha utoto pakhomo. Mpiringidzo wa chitseko unali pamwamba penipeni, ndipo ngakhale atanyanyamphira, zala zake zinkangokanda thabwa m'munsi mwake.

Anatsika n'kukatenga ndodo ija pakona. Munthu amene wakhala akuyeza matupi a anthu moyo wake wonse sachedwa kuwerenga zinthu zotere. Mzere uwu unali chiuno. Uwu chigongono. Uwu phewa, uwu diso, uwu pamene dzanja limafika munthu akatambasula. Anali munthu wamkazi, wamtali, ataima pakona ya shedi miyezi yonseyo pamene iye ankathira tiyi. Atatembenuza ndodoyo anaona kuti mbali ina inali ndi mzere umodzi wokha, wozama, chakumtunda, koma umenewo sanaulabadire.

Anadikira kuti adye kaye, kenako anafunsa. Kalipentala anayankha ngati nkhani yopepuka. Anati ndodoyo anaisema kalekale popanga mashelefu a m'khitchini, dzanja linaizolowera, ndipo sanaganizepo n'komwe. Anati akabwerako ku ulendo atsitsa zonse.

“Ndiye ndiyezeni inenso,” anatero telala. “Ndodo ili ndi malo. Ndaima pano.”

Kalipentala anasiya kuseka. Anatenga ndodo m'manja mwake msangamsanga, ngati akulanda mpeni kwa mwana.

“Inu sindikuyezani ndi ndodo iyi.”

Anaibwezera pakona, n'kuyamba kusesa utuchi umene anali atasesa kale. Telala anamva mawuwo monga mmene mkazi aliyense akanawamvera: kuti pandodopo pali malo a munthu mmodzi, ndipo munthuyo si iye.

Ulendo unali wa Lamlungu m'mawa. Loweruka madzulo kunabwera mlongo wake wa kalipentala kudzaona ntchito imene msewu wonse unkakamba. Mlamuyu ndi munthu wa pakamwa posatseka, wosaipa mtima koma wosayang'ana pamene akuponda. Anazungulira kangolo, anagogoda makoma, analowa, anakhala pabedi, n'kuyamba kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Anati achimwene akwaniritsa lonjezo. Anati akukumbukira tsiku limene zitsulozo zinabwera, malemu ali kale pamphasa ya matenda, akunena kuti akachira akufuna kukagona kumapiri, adzuke aone nkhungu ili pansi pawo. Kenako anaona mpiringidzo uja, anayang'ana telala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuphulika chiseko.

“Nanga alamu angawa azitseka bwanji, achimwene? Muziwanyamula ngati khanda?”

Telala anati aphunzira kudumpha. Anapita kukhitchini kukaphika tiyi, ndipo anakwera pa kampando kuti atenge shuga.

Mlamu atapita, kalipentala anakonza zoti m'mawa angokoloweka n'kunyamuka. Anachotsa miyendo iwiri yochirikiza kumbuyo, n'kutsamiritsa mkono wa kangolo, chitsulo chokolowekera ku galimoto chija, pa njerwa zosanjikiza. Anafotokoza kuti kangolo ka matayala awiri kali ngati sikelo. Munthu wathupi akakhala kumbuyo miyendo itachotsedwa, mkono umanyamuka, kangolo n'kupendama. Pofuna kumusangalatsa anawonjezera kuti a Telala okha atha kukavina pabedipo usiku wonse, kangolo sikangamve kuti muli munthu. Anamukweza pabedi kuti aone. Mkono sunasunthe pa njerwa. Kalipentala anaseka. Telala sanaseke.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Mwamuna wake ankapuma mwaphee pambali pake, dzanja lili pamphumi. Telala ankangoona galasi lija. Anaganiza za mawa kumapiri, iye akudzuka m'kachipinda koyezedwa pa thupi la mnzake, akuyang'ana malo amene nkhope ya mnzake inayenera kuonekera. Khitchini analolera. Ichi sakanalola. Anadzuka mwakachetechete, anavala juzi, natenga tochi.

Kunja kunali kozizira, kopanda mphepo. M'shedi munkanunkha vanishi. Anatenga sikuludiraiva pa benchi. Anatenganso ndodo ija, kuti aone kusiyana kwa diso la malemu ndi lake, atsitse galasi moyenera. Anaponda pa chitini, nalowa. Chitseko anachisiya chotsegula.

Anaimika ndodo pakhoma. Anaika tochi pa kashelefu. Misomali yopota ya m'munsi mwa galasi anaifikira atanyanyamphira. Woyamba unatuluka bwino. Wachiwiri unalimba.

Kenako pansi panayenda.

Sipanagwedezeke. Panangotsika pang'onopang'ono chakumbuyo, ngati munthu wakhala pabedi mosamala kuti asadzutse mnzake. Zitsulo za pansi zinalira kamodzi. Kutsogolo kunamveka mkono ukukhula njerwa pamene unkanyamuka.

Telala anaima, sikuludiraiva ili m'manja. Iye anali kutsogolo kwa matayala. Kumbuyo kunalibe katundu.

Msomali umene anatulutsa uja unagubuduzika pansi kulowera ku bedi. Tochi inatsetsereka pa kashelefu, inagwa, nayonso inagubuduzika. Kuwala kunazungulira denga, makatani, khoma, n'kukaima pa matiresi. Chikuto anachisoka yekha, anachikoka yekha mpaka chinaongoka ngati tebulo. Tsopano chakumapeto chinali chitalowa pansi, ndipo makwinya onse ankathamangira pamalo amodzi.

Chitseko chinayenda chokha n'kutsekeka. Chimenechi n'chomveka, pakuti kangolo kakapendama chitseko chimatsatira. Telala anadziuza zomwezo. Ali m'kati modziuza, pamwamba pa mutu wake panamveka chitsulo chikukhula chitsulo. Mpiringidzo unali watsopano, wolimba, woti kalipentala mwiniwake ankachita kuumenya ndi chikhatho. Unalowa pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

Analumpha kuti aufikire. Zala zinakanda thabwa. Analumphanso. Anafuna kukuwa, koma chimene chinatuluka chinali kampweya chabe. M'kachipindamo munabwera fungo la mafuta odzola a malemu amene anawapeza m'dirowa ya kuchipinda sabata imene anakwatiwa, amene anawataya yekha kudzala. Anacheukira pagalasi. M'munsi munali nsonga ya mpango wake. Pamwamba pake, pamene pakanakhala pakamwa pa munthu wamtali, galasi linali litachita nthunzi. Nthunziyo inkachepa, n'kukula, n'kuchepanso.

Anthu amaganiza kuti mantha amachotsa china chilichonse mumtima. Kwa telala sizinatero. Pansi pa manthawo nsanje inali ikadali yamoyo, ndipo ndi imene inamutsegula pakamwa.

“Nyumba ndi yanu. Khitchini ndi yanu,” anatero. “Makatani awa ndasoka ine.”

Anatembenukira ku bedi, n'kupitiriza.

“Inu anakuyezani. Ine anakana.”

Kangolo kanapendamanso, mwamphamvu tsopano. Mapazi ake anatsetsereka, anabwerera chambuyo, m'mphepete mwa bedi munamugunda kuseri kwa mawondo, ndipo anagwa chagada pa matiresi. Tochi inazima.

Anagona pomwepo. Thupi linakana kudzuka. Pambali pake matiresi anali otsika, ngati pakhala munthu. Anamva ndodo ikuchoka pakhoma. Sinagwe. Inabwera bwinobwino n'kugona pambali pake, motalika, ikukhudza chidendene, ntchafu, phewa, khutu. Inali yozizira.

Kenako china chake chinagwira mapazi ake. Sichinakoke. Chinawasonkhanitsa pamodzi mofatsa, n'kuwaongola, monga telala mwiniwake amaongolera mapewa a munthu asanamuyeze. Chinakonza juzi pachifuwa. Chinaika manja ake m'mbali.

Pamwamba pa mutu wake, pafupi kwambiri, panayamba kumveka mpeni ukudya thabwa. Unkadula, n'kupuma, n'kudulanso. Kanyenyeswa ka mtengo kanagwera pamphumi pake. Iye anatseka maso, ndipo sanawatsegule mpaka anamva mbalame.

Kalipentala anadzuka kukucha, anapeza bedi lozizira, napita ku shedi. Anaona mkono wa kangolo uli m'malere, utaloza kudenga. Ataitana mkazi wake, mkonowo unagwa pa njerwa ndi phokoso limene linadzutsa oyandikana nawo. Anakoka chitseko, chosatseguka. Telala anayankha m'kati kuti ali bwino, koma mpiringidzo sangaufikire. Pamene mahinjesi ankamasuka, anthu anali atayamba kusuzumira pampanda.

Anamupeza atakhala pansi pafupi ndi chitseko, mawondo ali pachifuwa. Munalibe mpando, munalibe chitini, munalibe mpeni. Kalipentala sanafunse chimene ankafuna mmenemo, chifukwa galasi linali likulendewera mbali imodzi ndipo sikuludiraiva inali pansi. Anamufunditsa jekete lake, n'kulowa kukatenga ndodo pabedi. Anaiyang'ana mbali ya mizere yambiri. Anaitembenuza. Kenako anakhala pansi pa utuchi.

Mbali imene inali ndi mzere umodzi wozama tsopano inali ndi iwiri. Watsopanowo unali m'munsi mwa wakale, woyera, mtengo wake ukadali wauwisi.

Analankhula maso ali pa ndodo. Anati mizere yambiri ija anaisema malemu ali moyo, akuseka, atatsamira khoma la khitchini. Mzere umodzi wa mbali inayo anausema m'mawa umene anamwalira. Sanafune kuti bokosi la maliro la mkazi wake likhomedwe ndi munthu wina, choncho anagoneka ndodo pambali pake, kuyambira kuchidendene mpaka kumutu, n'kuwonjezera zala zinayi monga amachitira akalipentala kuti munthu asapanikizike. Chiyambire tsiku limenelo sanaigunditsenso pa thupi la munthu.

“N'chifukwa chake ndinakana, mayi,” anatero. “Ndinaona ngati ndikanena ndikuopsezani.”

Telala anaimirira. Analowa m'nyumba, anatenga tepi yake, anavula nsapato, n'kuima chotsamira chitseko. Anadziyeza yekha. Anabwerera ku shedi n'kuyeza ndodo kuyambira pansi mpaka pa mzere watsopano. Mzerewo unangopitirira msinkhu wake. Panatsala kampata pang'ono, ndipo anaikapo dzanja la mwamuna wake. Zala zinayi zinakwanira ndendende.

Mumsewu nkhaniyi imakambidwa mosiyanasiyana, motsitsa mawu. Ena amati telala anasema yekha mzerewo ndi sikuludiraiva chifukwa cha nsanje, ndipo mpiringidzo anaukankha ndi ndodo. Zimenezi zikanatheka, ngakhale mzerewo ndi wosalala ngati wa mpeni wakuthwa, ndiponso za zala zinayi iye anazimva koyamba m'mawa umenewo. Mlamu uja amati malemu sanali munthu wankhanza, anangomupatsa mnzake chimene anapempha. Amayi ena okalamba a pafupi amangopukusa mutu n'kunena kuti munthu suchitira nsanje chilichonse chimene mnzako anapatsidwa usanafunse kuti anapatsidwa tsiku lanji.

Sabata yomweyo kalipentala anatsitsa galasi, mpiringidzo, pokoloweka makatani ndi popondera. Anatsitsanso mashelefu onse a m'khitchini, ndipo poyeza anabwereka tepi ya mkazi wake. Anafuna kuotcha ndodo ija, koma telala anakana. Anati pali mzere wake, ndipo safuna kuona moto ukufika pamenepo.

Telala ali moyo, akusoka, ndipo mchere amatenga ataima pansi. Ndodo ili pamtanda wa denga la shedi, mbali ya mizere iwiri itayang'ana kumwamba. Kangolo kali pamalo pomwepo, mkono uli pa njerwa, miyendo ya kumbuyo itabwezeretsedwa. Chilichonse m'kati mwake tsopano chili pa msinkhu wa telala, koma iye sanalowemonso, ndipo kumapiri sanapite.